Kabati ya Pansi pa Thanki

Chinayamba kusintha ndi kulira kwa pampu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba mwathu munkamveka kaphokoso kamodzi kosalekeza, kotsika ngati njuchi zili patali, ndipo khutu linali litakazolowera moti sindinkakamvanso. Koma m'mawa wina Lachitatu, ndikumanga tayi kuti ndizipita kuntchito, ndinamva kuti kayamba kutsokomola. Kamalira bwinobwino, kenako khwe khwe khwe, kenako n'kuyambiranso.

Tinkakhala ku Nechells, mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, m'fulati ya khonsolo pansanjika yachisanu ndi chitatu. Munali mkatikati mwa zaka za m'ma 90. Ine ndinkajambula mapu a misewu ndi ngalande mu ofesi ina m'tauni, mayi akunyumba ankagwira ntchito mu labu ya pa yunivesite pomwe anaphunzira. Ana Mulungu sanatipatse. Mnzawo wina wa kuntchito atasamukira dziko lina anawasiyira thanki ya galasi yotalika ngati bedi la mwana, ya madzi amchere, muli nsomba zisanu ndi miyala ya m'nyanja zikuluzikulu zija. Mayi akunyumbawo, munthu wobadwira ku Dedza, amene madzi amchere anangowaonera pazenera la ndege, anasanduka mlimi wa pansi pa nyanja pabalaza pathu.

Pamiyalayo pankamera zamoyo zomwe kuno amati makorali. Ukaziona ungati ndi zomera, koma iwo ankandiuza kuti ndi tinyama tokhala pamodzi. Imodzi anailera kuchokera pa kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu mpaka inakula ngati mbale ya ndiwo. Inali ndi tsinde lonenepa ndi mutu wotambalala, ndiye ankangoti bowa wanga. Madzi akamayenda bwino, bowayo ankatulutsa timaluwa ting'onoting'ono pamutu ponse, tikugwedezeka ngati udzu wa padambo. Madzi akaima, ankatibweza tonse n'kukhala see ngati dazi.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankatsuka mapampu. Ankagwada patsogolo pa kabati ya pansi pa thanki, chitenje m'chiuno, n'kutulutsa zinthu zawo, kenako ankadzitsekera kubafa. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ndikusita malaya a Lamulungu kapena kukonza phunziro la Baibulo, poti ndinali mkulu wa mpingo pa kagulu kathu ka Amalawi. Sindinafunsepo kuti ankathira chiyani m'madzi otsukirawo. Akatuluka ankandiseka kuti, "Abambo, kolala imodzi mwasita ola lathunthu, ine ndatsuka nyanja yonse."

Matenda awo sanatenge nthawi. Ali m'chipatala anandiphunzitsa kudyetsa nsomba, kuthira jagi imodzi ya madzi osefa pamwamba tsiku lililonse, ndiponso kusintha ndowa ziwiri za madzi amchere pakatha masabata awiri. Mcherewo ndi ndowazo zinkakhala m'kolido, ndiye ndinkazidziwa. Za mapampu anati, "Zimenezo zisiyeni, ndidzatsuka ndekha ndikatuluka." Sanatuluke.

Tinakawaika kwawo. Atsibweni awo, omwe ndi mwini mbumba, anagawa zovala zomwe tinapita nazo, ndipo za katundu wa ku Mangalande anati adikire. Adzalemba kalata ikakwana nthawi yondisudzula, ndipo achemwali a malemu, omwe anali namwino ku Stoke-on-Trent, ndiwo adzatsegule ndi kugawa m'malo mwawo. Ndinavomera, ndipo sindinavomere ndi pakamwa pokha. Anthu aja anandipatsa mwana wawo mwaulemu, sindinafune kuti adzamve kuti mkamwini anayamba kupisa manja m'katundu misozi isanaume. Nditabwerera, wadiropu yawo sindinaitsegule, chikwama chawo cha kuntchito chinakhala pomwe anachisiya, ndipo kabati ya pansi pa thanki inakhala yotseka. Inalibe loko. Chinkaitseka ndi mawu omwe ndinapereka pamaso pa abale awo.

Miyezi inayi inatha chonchi, ndipo kutsokomola kuja kunkachokera m'kabatimo.

Madzulo a tsikulo nditaweruka ndinapeza kapampu kakang'ono, kokoleka pagalasi mkati mwa thanki, kataima kale. Bowa anali see. Kapampuko ndinakatulutsa, poti kanali m'madzi momwe manja anga ankalowamo kale, ndipo ndinapita nako kusitolo ya nsomba zoweta m'thanki yomwe inali pakati pa mafakitale pafupi ndi kwathu. Mwini wake anali mayi wina wachingerezi, wa manja opindidwa nthawi zonse, amene ankawadziwa bwino malemu. Anayesa kukatsegula koma kanakana. Anandionetsa nkhanambo zolimba, zina zoyera zina zofiirira, zitamata ponseponse, nati ndi laimu wa m'madzi amchere, ndipo mpeni sungamuthe popanda kuwononga pampu. Amasungunuka ndi asidi basi.

Ndinafunsa kuti asidi wake uti. Anaseka, nati ndikafunsa oweta atatu ndimva mayankho anayi. Ena amalumbirira viniga, ena amati viniga akakhalitsa amawononga chikopa cha maginito a mkati, ena amagwiritsa ntchito asidi waukali n'kumati palibe vuto. Chomwe onse amagwirizana n'chakuti pasakhale sopo, pasakhale bulichi, pasakhale zonunkhiritsa, chifukwa chilichonse chotsalira m'pampu chimalowa m'madzi ndipo makorali amamwera pakhungu. Kenako anati mapampu a akazi anga anali akale kuposa a makasitomala ake onse, koma ndi omwe anali oyera kuposa onse, ndiye ndichite zomwe iwo ankachita. Anandifunsa kuti ankathira chiyani. Ndinavomera kuti sindikudziwa.

Anandichenjezanso kuti kakang'onoko ndisadandaule nako. Mtima wa thanki ndi pampu yaikulu ya m'kabati, yomwe imakweza madzi kuchokera m'kathanki ka pansi, ndipo hita yotenthetsa madzi ili momwemo. Ikaima, madzi a pamwamba azizira. Kunja kunali chisanu choti magalimoto ankadzuka ali mbuu. Yatsopano ya mtundu umenewo akaioda ingatenge masabata atatu, ndipo iye sankaona bowa akupirira sabata imodzi.

Lachinayi madzulo kunabwera mnzanga wa kutchalitchi wokhala ku Bilston. Anaphunzira za uinjiniya, koma nthawi imeneyo ankagwira pa sayiti yomanga nyumba podikira ntchito ya maphunziro ake. Ndi munthu wa mtima wabwino ndi pakamwa posatseka. Analowa atanyamula chigubu cha asidi wotsukira njerwa ndi kabokosi ka mankhwala otsukira ketulo, poti madzi a kwawoko amasiya laimu m'ketulo pomwe athu a mu Birmingham sasiya.

"Akulu ampingo, mwasowa mtendere chifukwa cha kachinthu aka?" anatero akutembenuza kapampu m'manja. "Ine pa sayiti ndimatsuka khoma lonse tiyi asanazizire."

"Nanga khoma lanulo limapuma, achimwene?"

"Aa, inunso. Asidi ndi asidi. Kungoti uyu ndi wamphongo."

Sindinakane ndipo sindinavomere. Ntchito yanga inandiphunzitsa kuti mzere sulemba ndi inki usanauyese ndi pensulo. Ndinatenga mabotolo anayi a jamu otsuka bwino n'kuwandandalika pazenera la kukhitchini. M'lililonse ndinaikamo kachidutswa ka nkhanambo komwe ndinabenthula pa kapampu, kachidutswa ka labala, ndi phini mmodzi. M'loyamba tinathira asidi wa njerwa. Apa mnzanga anasiya nthabwala, anatsegula zenera, anavala magolovesi, nati, "Madzi kaye, asidi pambuyo. Mukatembenuza, maso mulibe." M'lachiwiri tinathira mankhwala a ketulo, m'lachitatu viniga wakuda uja wothira pa tchipisi, m'lachinayi ndinafinyiramo mandimu awiri.

Asidi wa njerwa anadya nkhanambo ija tikuona. Mnzanga anaomba m'manja. Koma fungo lake linkalasa m'mphuno, ndipo pamwamba panatsala thovu losaphwa, ngati la pochapa. Ndinatenga magalasi n'kuwerenga timalemba ta kuseri kwa chigubu, ndipo tinkanena kuti muli zotsukira zina zosakaniza.

"Muli sopo umu," ndinatero.

"Wochepa kwambiri. Mutsukuluza."

"Mkati mwa pampu muli tingodya tomwe chala sichifika. Ndikatsukuluza n'kutsala kadontho, adzandiuza ndani? Bowa adzandiuza atafa."

Anakanda m'mutu. "Shuwa, koma inu mukanakhala dokotala odwala bwenzi akufa mukuwerenga botolo."

M'mawa mwake phini wa m'botolo loyamba anali atada. Mankhwala a ketulo anali atagwira ntchito, koma ankanunkhira maluwa, ndipo bokosi lake silinkanena zomwe zinali mkati. Viniga wakuda anali atadya nkhanambo pang'ono n'kuisiya ya mtundu wa tiyi. Mandimu nawo anali atayesetsa, koma kuti akwane pampu yaikulu pakanafunika thumba lathunthu, ndipo madzi ake anali a zinyenyeswa. Ndinaphunzirapo chinthu chimodzi: zowawasa za kukhitchini zimaigonjetsa nkhanambo, kungoti zimafuna munthu wodikira. Ndinagula botolo la viniga woyera kuti likhale pafupi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti alipo oweta odziwa omwe amagwiritsadi ntchito asidi waukali wosasakaniza ndi kanthu, ndiye mnzanga uja sankanama. Kungoti ine sindinali wodziwa, ndipo bowa anali mmodzi.

Koma ngakhale ndikanapeza asidi wabwino kuposa onse, pampu inali kuseri kwa chitseko chija.

Ndinagwada pamenepo n'kupemphera, dzanja lili pagalasi. Galasilo linali lozizira kuposa masiku onse. Kwa atsibweni kunalibe foni, ndipo kalata yopita ndi yobwera ikanatha mwezi. Alamu anga a ku Stoke anali nayo foni, koma nkhani ya katundu wa malemu sitinena pa foni ngati tikuitanitsa takisi. Ndinaimbira kuofesi kupempha tsiku, ndinakuta thanki ndi bulangete, n'kukakwera sitima.

Ndinawapeza atangodzuka, poti anali atachokera ku shifiti ya usiku. Nyumba yawo inali imodzi mwa zija zolumikizana mzere wonse, chitseko chotulukira pamsewu penipeni. Anandilozera sofa, ine ndinakhala pa kampando ka pafupi ndi khomo, chipewa m'manja.

"Alamu, mwabwera ndi nkhope yotani imeneyi? Kwagwanji?"

"Palibe chagwa, alamu. Koma chilipo chomwe chikufuna kugwa."

Ndinawafotokozera zonse, za pampu, za hita, za masabata atatu, za mabotolo a pazenera. Anamvetsera atagwira kapu ya tiyi osamwa.

"Kalata ya atsibweni sinafike," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Amalawi a kuno mukuwadziwa. Ndikatsegula lero, Lamulungu nkhani ili kutchalitchi, mwezi usanathe ili ku Dedza kuti wa ku Stoke wagawana katundu ndi mkamwini. Inu adzakusudzulani muzipita. Ine ndi anthu anga mpaka kufa."

Zinali zoona, ndipo ndinawauza kuti ndi zoona. Kenako ndinati, "Alamu, malemu akanasiya mbuzi m'khola, kodi tikanadikira kalata kuti tizimwetse madzi? Mbuzi ndi ya mbumba, inde. Koma chingwe chake sitiika m'sutikesi kudikira tsiku logawa, mbuzi ili kulira."

"Inu ndi mafanizo anu a pa guwa."

"Sinditenga kanthu. Mutsegule ndinu, muone ndinu zomwe zilimo. Ine ndingogwira pampu."

Anaika kapu pansi. "Mwakwera sitima chifukwa cha kachitseko kopanda loko. Mukanangotsegula, akanadziwa ndani?"

"Ine."

"Nanga ndikakana?"

"Ndibwerera, ndipo sinditsegula. Koma mawa mundionanso pakhomo pano."

Anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'misozi, napukuta ndi nsonga ya gauni. "Mng'ono wanga ankanena kuti anakwatiwa ndi mwala. Ndimayesa akunena za kuuma mtima." Kenako anati, "Mawa ndili pa ofu. Ndibwera ndi sitima yam'mawa. Kwa atsibweni ndilemba ndine, inu musalembe."

Nditafika kunyumba ndinapeza pampu ikutsokomola kuposa kale, nthawi zina kuima mpaka ndiwerenge kufika pa khumi. Korali ina yaing'ono ya nthambi ngati nyanga za gwape inali itayamba kuyera kunsonga. Ndinatsegula hita ya m'nyumba mpaka pamapeto, ndinawonjezera bulangete lina, n'kusiya chitseko cha kabati monga chinalili.

Loweruka alamu anafika cha m'ma naini. Anatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga pamwamba pa thalauza, anasamba m'manja, ndipo tinapemphera mwachidule titaimirira. Kenako anagwada pomwe mng'ono wawo ankagwada, n'kukoka chitseko.

Munali kathanki ka pansi, madzi ake atatsika, pampu ili m'kona itakutidwa ndi nkhanambo ngati chikuni cha m'madzi. Pashelefu panali kabeseni kofiira, mswachi wotha, supuni imodzi, ndi magolovesi achikasu omwe zala zake zinali zopindikabe monga malemu anawavulira. Alamu anawagwira n'kuwabwezera msanga. Panalinso mabotolo awiri a khofi. Lina munali ufa woyera wosalala, lina munali timibulu toyera ngati shuga. Palibe lomwe linali ndi dzina, ndipo panalibe pepala lililonse.

"Mwana ameneyu!" anatero alamu. "Zaka zonse zija mu labu, osalemba ngakhale chilembo chimodzi pa botolo."

"Ankati zolembalemba n'za kuntchito."

Nthawi yomweyo mnzanga wa ku Bilston anagogoda, atanyamula bokosi la zitsulo. Anapereka moni kwa alamu mwaulemu wonse, kenako anasuzumira m'mabotolo muja. "Apa n'posavuta. Akulu ampingo, lawani."

"Lawani inuyo, bambo," anatero alamu. "Koma mudziwe kuti lero ndili pa ofu, sinditsitsimutsa munthu."

Ndinabwerera ku mabotolo anga a jamu. Ndinatsuka awiri, ndinathira madzi ofunda, m'lina supuni ya ufa uja, m'lina supuni ya timibulu, n'kuponyamo tizidutswa ta nkhanambo. La ufa linasanduka ngati mkaka, nkhanambo n'kungokhala pansi osatekeseka. La timibulu linasungunuka n'kukhala mbee ngati madzi akumwa, ndipo nkhanambo inayamba kutulutsa timathovu ting'onoting'ono tokwera mwakachetechete n'kuphulika pamwamba osasiya kanthu. Ndinanunkhiza. Panalibe fungo.

Alamu anali akupisabe kuseri kwa shelefu, ndipo anatulutsa timapaketi topanda kanthu topindidwa bwinobwino, tomangidwa ndi labala. Malemu sankataya paketi. Tinali ta asidi wa ndimu, uja amagulitsa m'masitolo a amwenye pafupi ndi zokometsera ndiwo, amene anthu amathira mu atchara ndi m'zakumwa. Pa paketi panalibe china cholembedwa m'gulu la zosakaniza, koma iye yekha.

"Ndi ameneyu?" anatero mnzanga. "Ine ndabweretsa mkango, inu mukusankha mwana wa mphaka."

"Mphakayo wakhala akusunga nyumba ino zaka zisanu ndi chimodzi," ndinayankha.

Kuchuluka kwake sitinkakudziwa. Mkati mwa kabeseni munali mzere wopakidwa ndi utoto wa m'zikhadabo, ndiye ndinadziwa pofikira madzi. Za masupuni ndinaganiza zoyamba ndi ochepa. Tinazimitsa magetsi a pampu pakhoma, mnzanga anamasula mapaipi, ndipo apa ndinathokoza kuti anabwera, chifukwa manja ake ankadziwa pomwe chinthu chimapotokera. Tinaviika mapampu onse awiri m'madzi ofunda kubafa, ine n'kumawonjezera supuni imodziimodzi, kutakasa, kudikira, mpaka timathovu tinayamba kukwera mosalekeza pa nkhanambo yonse. Pamenepo ndinaleka.

Mnzanga anatulutsa sikuludiraiva kuti akanule chivindikiro cha pampu yaikulu. Ndinamugwira dzanja.

"Chitseguka chokha."

"Liti? Pa Khirisimasi?"

"Chikakonzeka."

Koma pabalaza panali zii, ndipo madzi a pamwamba anali ataima. Hita inali m'kathanki ka pansi. Ndinatenga jagi, ndinatunga madzi ofunda pansipo n'kuthira pamwamba pafupi ndi bowa, ndipo madzi a pamwamba anasefukira m'paipi n'kutsikira pansi monga amachitira pampu ikamagwira. Ndinatunganso, n'kuthiranso. Alamu ataona anati, "Bweretsani kuno, msana wanuwo ndi wa mu ofesi." Tinayamba kulandizana atatufe, wina akatopa wina n'kugwada.

"Ndinathawa ku Ndirande kutunga madzi," anadandaula mnzanga ili nthawi yake, "digiri m'thumba, ndege ndakwera, lero ndikutungira madzi nsomba zosadya n'komwe."

"Thirani pang'onopang'ono," anatero alamu, "simukuzima moto."

Ali pa jagi, alamu anandiuza zomwe sindinkadziwa. Anati malemu ali mtsikana ankatsuka mapoto ndi ndimu ndi phulusa mpaka atsibweni anadandaula kuti akumadziona nkhope m'poto asanasambe. Malemuwo ankati mchenga umakanda, ndimu imanyengerera. Ndinamvetsera ndili chiimire pakhomo la bafa, diso lina kubeseni.

Patatha ola ndi theka ndinagwira chivindikiro chija ndi zala ziwiri, ndipo chinatuluka ngati chinkangodikira. Mkati munali kachitsulo kozungulira ka mapiko ndi maginito ake, zitagwirana ndi laimu. Tinazibwezera m'beseni padera. Madzi atasiya kuchita timathovu ndinawataya n'kukonza ena. Nkhanambo inali itafewa ngati phala louma, ndipo mswachi wa malemu unkangoikokolola. Sindinafune kuti maginito akhalitse m'madzi owawasa kuposa mmene zinafunikira, ndiye chidutswa chilichonse chikayera ndinkachitulutsa nthawi yomweyo.

Kutsukuluza ndiko kunanditengera nthawi, ndipo mnzanga anafika pokhala pansi m'kolido n'kutambasula miyendo. Ndinatsukuluza pampopi, chidutswa chimodzichimodzi, kulowetsa madzi m'kabowo kalikonse. Kenako ndinaviika zonse m'madzi osefa, kutaya, kuviikanso. Ndinaponya kachidutswa ka nkhanambo m'madzi omalizawo kuti ndione ngati kachite thovu. Kanangokhala. Pamenepo ndinati basi.

Dzuwa la chisanu linali litapendeka pomwe mnzanga anamanga paipi yomaliza. Alamu anali adakali pa jagi, manja atachita makwinya. Ndinayatsa pakhoma. Kwa kanthawi panalibe chomveka. Kenako paipi inalavula mpweya, madzi anatumphuka pamwamba mwamphamvu yomwe ndinali nditaiwala, nsomba zinabalalika, ndipo kaphokoso ka njuchi zili patali kanabwerera m'nyumba. Alamu anakhala pansi pakapeti, jagi ili pamiyendo.

Bowa sanatulutse kanthu.

Asananyamuke, alamu anatenga kabeseni, mswachi, supuni, magolovesi ndi mabotolo awiri aja n'kundipatsa m'manja. "Ichi ndi chingwe cha mbuzi," anatero. "Chitseko ichi ndatsegula ndine, ndipo ndiyankha ndine. Koma wadiropu ikhale momwemo."

"Ikhala momwemo, alamu."

Lamulungu bowa anali see. Lolemba chimodzimodzi. Korali ya nthambi ija inayera yonse, ndipo ndinaitulutsa itafa. Imeneyo ndinachedwa nayo, ndipo sindinena kuti anachedwetsa ndi mwambo kapena munthu wina, chifukwa miyezi inayi yonse ine ndinali ndi makutu ndipo sitima ya ku Stoke inkayenda tsiku lililonse. Lachiwiri pamutu pa bowa panayamba kusupuka kachikopa konyezimira ngati kandulo wosungunuka. Ndinaganiza kuti mwina ndinasiya kadontho ka asidi penapake. Ndinabwereza m'mutu kutsukuluza konse kuja, chidutswa ndi chidutswa, ndipo sindinapeze pomwe ndinadumpha. Ndinasintha ndowa ziwiri za madzi, n'kusiya zina kwa Mwini moyo.

Lachitatu m'mawa, ndikumanga tayi, ndinaona kachikopa kaja katachoka, madzi akukayendetsa m'kona. Mbali imodzi ya mutu wa bowa panali timaluwa, mwina makumi awiri, tatifupi, tikugwedezeka. Ndinakhala pansi tayi ili m'manja. Basi ya nthawi yanga inandisiya tsiku limenelo, ndipo ndinakwera yotsatira. Mayi wa kusitolo anadzandiuza kuti mtundu umenewu umafundula choncho ukafuna kuyambiranso.

Kalata ya atsibweni inafika chisanu chitatha. Inali yaitali, yonena za kundisudzula ndi za yemwe atenge chiyani. Za thanki analemba mzere umodzi, kuti iwo sakumvetsa chifukwa chomwe munthu angawetere nsomba zosadya, koma chamoyo chikhale ndi amene akuchidyetsa. Alamu anabwera n'kutsegula wadiropu, ndipo ine ndinawathandiza kupinda.

Kuyambira pamenepo Loweruka loyamba la mwezi malaya ndimasita madzulo. M'mawa ndimagwada pa kabati ija. Pa botolo la timibulu ndinamata kapepala kolembapo dzina lake ndi kuchuluka kwa masupuni ofika pa mzere wofiira, kuti wodzagwada pambuyo panga asadzavutike. Botolo la ufa ndinadzamva kuti ndi laimu womwe malemu ankadyetsera makorali, nalonso ndinalilemba. Korali yoyera ija ili pazenera la kukhitchini pomwe panali mabotolo a jamu. Magolovesi achikasu m'manja mwanga salowa, ndiye ndinagula anga, awo ndinawasiya pashelefu.